Masika Kudziko la Mchenga

Esnati mwana wanga,

Ndakhala pakhonde dzuwa likali pamutu, ndabwereka cholembera cha mlongo wako. Iwe wapita kutauni kukatsanzika anzako a kuchipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata ino nyumba yati zii. Chilengezereni abusa kuti mpingo wakutuma ku Botswana, pakhomo pano sipanathe alendo. Wina abwera ndi nkhuku, wina ndi pemphero, wina angofuna kuona ndi maso ake ngati n'zoonadi kuti mwana wa ku Matero kuno akupita kukagwira ntchito ya Mulungu kunja. Ndayesa kukupeza pawekha kuti tikhale pansi awiri, koma ndikangoti nditsegule pakamwa, pachitseko pamveka odi. Ndiye ndati ndilembe. Kalatayi ndiibisa pakati pa zitenje zako. Usaiwerengere m'basi anthu akukupanikiza ndi katundu. Udzaitsegule mutawoloka Zambezi pa Kazungula, phazi lako litaponda dothi la eni.

Za ntchito yako ndilibe chokuuza. Kubereketsa amayi ndi kubaya jakisoni unaphunzira kwa odziwa, ine ndinalekera sukulu panjira. Za amuna tinakambirana kale, ndipo mutu uli nawo. Ine ndikufuna ndikuuze za Masika basi.

Dzulo tikupinda zovala unati, "Amai, Masika ya chaka chino nizachita na mbuzi. Bakamba kuti kuja kulibe minda, ni muchenga chabe." Unaseka, inenso ndinaseka, koma nkhope yako ndinaiona. Chibadwire sunaphonyepo tsiku limeneli. Ndiwe umamanga mizimbe pakhomo la tchalitchi, ndiwe umayambitsa nyimbo anthu akamabwera kutsogolo ndi mphatso zawo zothokoza. Tsopano Masika ali pafupi, ndipo akakupeza uli mlendo, chinenero usanachigwire, pakati pa anthu amene mwina tsikulo salidziwa n'komwe. Nkhope imene unaonetsa dzulo ija ndimaidziwa, mwana wanga, chifukwa inenso ndinaivalapo.

Ndinafika mu Lusaka muno chaka cha ufulu chija, chomwe mbendera inasintha, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Atate ako anadzanditenga ku Katete, tinakwera lole, ndipo ndinatsika fumbi lili mpaka m'mano. Nyumba yomwe anandiuza kuti amanga ku Kanyama inali chipinda chimodzi cha zidina, denga la migolo yosanja, pamwamba atasanjika miyala kuti mphepo isalitenge. Kunja kunalibe nkhokwe, kunalibe khola, kunali miyala yoyera yotulukira pansi ngati misana ya ng'ombe. Ndinapirira, mumtima ndikuti bola Masika akafika ndidzamva ngati ndili kwathu. Paja kwathu tsikulo midzi inkabwera mondondozana ikuimba, ngolo zitadzaza chimanga, amayi atasenza madengu a mtedza ndi maungu, ana atakumbatira nkhuku. Kutsogolo kwa tchalitchi kunkaunjikana zinthu mpaka abusa ankangooneka mutu. Tsikulo litakwana ndinasamba m'mamawa, ndinavala diresi langa la ukwati, tinapita. Tchalitchi chake chinali chisakasa cha mitengo ndi masaka, mopempherera anthu a mitundu yonse, poti matchalitchi omanga anali kutali. Nyimbo itayamba anthu anadzuka. Uyu wanyamula sopo, uyu buledi, uyu kathumba ka makala. Bambo wina anabweretsa mbaula yomwe anakhoma yekha, wina nsapato zosoka. Kenaka panadutsa mayi wina wamtali, atasenza chitini chodzaza miyala yoswa, n'kukachitula patsogolo ngati watula dengu la mapira. Ine ndinawatsina atate ako n'kunena, ndipo sindinanong'one bwino, "Kodi awa ndi Masika kapena ndi msika?" Mayi uja pobwerera anadzakhala pafupi nane. Sanakwiye. Anangotambasula manja ake pamiyendo panga. Anali ong'ambikang'ambika, zikhadabo zina palibe. Anati, "Bamayo, munda wanga ni uyu. Vamene nakolola ni vija." Ndinasowa poyang'ana. Mayi ameneyo ndi Bana Mulenga, omwe iwe umawatcha amayi aakulu. Umu ndi mmene tinadziwirana.

Ndiye Esnati, usakayeze kuthokoza kwa anthu ndi dengu la kwanu. Wina akakabweretsa mkaka m'chipanda, wina mtolo wa nkhuni, wina kamwana ka mbuzi, wina n'kungobwera ndi nyimbo yokha, Masika ake ndi amenewo. Ndipo ukasamale pakamwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine wanga ndinaupeza pa benchi pomwepo, mapemphero asanathe.

Tsiku lomwelo ndinapusanso kachiwiri. Titatuluka, Bana Mulenga anandigwira mkono n'kunditengera kwawo, ndipo ndinapeza kuti nyumba zathu zinali zoyang'anana. Anatiikira kondowole ndi chigwada chotendera. Ine chibadwire ndinali ndisanadyepo chinangwa chotero. Nditangoti nditeme, chinandimata zala, fungo lake n'kundibwerera. Amuna awo akuseka anati, "Idyani, imwe bakum'mawa! Olo tikufunileni mbeba?" Sindinkadziwa kuti pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa pali chimbuya, kuti kunyozana kotero ndiye chibale. Ndinaona ngati akunditukwana. Ndinanama kuti m'mimba mukundipota, ndinathawira kunyumba, ndinatseka chitseko n'kugona pamphasa ndikuganiza za amayi anga ndi maungu a kwathu. Atate ako anatsala komweko akudya n'kumaseka. Posakhalitsa ndinamva kugogoda. Anali Bana Mulenga, atanyamula kapu ya mizu yowiritsa. "Imwani yonse, ni ya mumala." Anakhala pansi kuyembekeza. Esnati, ndamwapo mankhwala owawa pa moyo wanga, koma amenewo ndimawamvabe kukhosi. Ndinamwa mpaka pansi, iwo akundisisita kumsana. Madzulo m'mimba munayambadi kupota.

Ukaseke, koma ukamve. Chimene akakuikire ukadye, ngakhale pang'ono, ndipo ukafunse dzina lake. Nthabwala za eni usafulumire kuzikwiyira usanadziwe kumene zachokera. Choposa zonse, tsiku la Masika usakadzitsekere m'nyumba. Ndikukudziwa iwe. Ukakhumudwa umakhala chete, umatenga buku n'kukagona choyang'ana kukhoma. Kumeneko kulibe mayi wako woti adzakuvundukule bulangeti. Kusungulumwa kumakonda chitseko chotseka. Ukamva kuti mtima wayamba kulemera, tuluka, pita pamene pali utsi ndi mawu a anthu, ukakhale pansi ngakhale usakumva zimene akunena. Ine mawu oyamba a Chibemba amene ndinagwira anali akuti natotela, ndiye kuti zikomo, ndipo ndinayenda nawo miyezi yambiri opanda ena. Anandikwanira. Iwenso ukafunse mawu awo othokozera tsiku lomwe wafika, usanafunse kumene kuli sitolo.

Tsopano ndikuuze za Masika amene iwe unalipo koma sungawakumbuke. Nkhaniyi unaimvapo kwa anthu, amaikamba mwanthabwala. Kwa ine sunaimvepo yonse.

Unali utangoyamba kuyenda. Atate ako anali kutali kumpoto, atalembedwa ntchito yokonza msewu waukulu, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Chaka chimenecho mvula inagwa ngati yatumidwa. Ukudziwa kuti Kanyama anakhala pamwala, madzi akagwa alibe kolowera. Anadzaza m'njira, analowa m'nyumba, zimbudzi zinasefukira, zitsime zinasakanikirana ndi zonyansa. Khoma lathu limodzi linagwa, mwamwayi linagwera kunja. Kachimanga komwe ndinadzala kuseri kanaola kali chiimire. Kenaka iwe unayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika tsiku lachiwiri maso anali atalowa, liwombo litabonyoka, kulira kwako kukumveka ngati kwa kamwana ka mphaka. Ine ndinasokonezeka. Ndinakhala pabedi miyendo nditakweza, madzi ali pansi, ndikungokugwedeza n'kumati ndidikire atate ako, mwina abwera mawa, adzanene chochita. Bana Mulenga analowa madzi ali m'mawondo, anakuyang'ana kamodzi kokha, n'kunena, "Muyembekeza bamuna banu? Bazapeza manda. Nipaseni mwana." Sanadikire kuti ndiyankhe. Anatenga beseni lochapira, anayalamo chitenje, anakugoneka mmenemo n'kukusenza pamutu, chifukwa kumsana madzi akanakupeza. Kudzanja anatenga ndodo. Malo amene ankaswa miyala aja anali maenje okhaokha, onse atabisika pansi pa madzi, koma iwo ankawadziwa. Ankagwaza ndi ndodo, n'kuponda, ine nditagwira nsonga ya chitenje chawo kumbuyo ngati wakhungu. Pena madzi anafika m'chiuno, pena pachifuwa. Titafika pamsewu wa tala magalimoto ankangotidutsa. Iwo anakaima pakati penipeni pa msewu, beseni lili pamutu, mpaka lole ina ya mchenga inaima dalaivala akutukwana. Anamuuza kuti, "Tukanani tili mu njila." Anatifikitsa kuchipatala chachikulu. Namwino wina wamng'ono thupi anakumeta pambali pamutu n'kukulowetsa madzi pamtsempha. Usiku usanagwe unatsegula maso n'kufuna bere.

Tinakhala m'chipatala masiku angapo. Bana Mulenga ankabwera ndi chakudya tsiku lililonse, kudutsa m'madzi omwe aja. Tsiku lina sanabwere, mawa lakenso osabwera. Anadzandiuza ndi mayi wina wa kumpingo. Mwana wawo wotsiriza, Chanda, msinkhu wako, amene munkalimbirana naye chitini choseweretsa, anagwidwa ndi matenda omwewo. Iyeyo matendawo anamufulumirira. Anamwalira ali m'beseni lomwe lija, asanafike pamsewu. Anamuika ine ndili kuchipatala.

Titatuluka ndinasowa mmene ndingawayang'anire. Wanga ali moyo, wawo ali m'dothi, ndipo miyendo yomwe inapulumutsa wanga ndi yawo. Ndinapita kukapepesa, ndinalira nawo, koma pambuyo pake ndinayamba kukubisa. Ukafuna kuthamangira kwawo ndinkakugwira. Ukaseka mokweza ndinkakutseka pakamwa. Ndinkaganiza kuti kuseka kwako kuziwabaya. Madzi anaphwa, dzinja linatha, kunayamba kuzizira, Masika anafika. Ine ndinati sindipita. Ndinalibe kanthu kopereka, ngakhale chitsononkho, ndipo ndikanaimba bwanji nyimbo yothokoza mnzanga ali pambali ndi duku lakuda? Ndinakubereka kumsana n'kuyamba kusesa panja kuti ndioneke wotanganidwa. Ndinangoona chithunzithunzi chaima patsogolo panga. Anali iwo, duku lakuda kumutu, chitini cha miyala pamwamba pake. "Tiyeni," anatero. Ndinati ndilibe chopereka. Anati, "Tiyeni chabe."

Nthawi ya mphatso itakwana anapita kukatula chitini chawo. Pobwerera sanakhale pansi. Anaima kumbuyo kwanga, ndinamva zala zawo zokhakhala zija zikumasula mfundo ya mbereko. Anakunyamula, anayenda nawe pakati pa anthu, n'kukakukhazika patebulo pakati pa sopo ndi kabichi. Iwe unagwira phwetekere n'kuyamba kuluma. Anthu anaseka. Bambo wina kumbuyo anafuula kuti, "Ameneyo ndigula ndine!" paja zinthu za Masika zimagulitsidwa mapemphero akatha. Koma ataona nkhope ya Bana Mulenga, misozi ikutsika osaipukuta, tchalitchi chonse chinati zii. Abusa athu a nthawi imeneyo, mkulu wa imvi woyankhula pang'onopang'ono, anayang'ana iwe, anayang'ana iwo, anayang'ana ine. Anakusanjika dzanja pamutu pometedwa paja n'kupemphera. Atatha anakunyamula n'kudzakupereka m'manja mwanga. Anati, "Zina zonsezi tigulitsa, koma ichi ayi. Mayi, tengani mukatisungire. Mwini wake akadzachifuna adzanena."

Pobwerera kunyumba ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti akutha bwanji kuthokoza chaka chotere. Anati, "Chanda nenze naye. Ninamunyamula, ninamunyonsha, ananisekela. Nikane kuyamika pali ivo chifukwa vasila?" Anaima n'kunditembenukira. "Na imwe lekani kubisa mwana. Nikamuona aseka, niziba kuti sininayende mu manzi pachabe." Kuyambira tsiku limenelo unkadya kwawo kuposa kwanu.

Ndakuuza zonsezi chifukwa cha ntchito imene ukukagwira. Si amayi onse amene ukawathandize adzatuluke ndi mwana m'manja. Kumeneko chipatala n'chaching'ono, dokotala ali kutali, msewu ndi mchenga. Lidzafika tsiku loti wachita zonse zimene unaphunzira koma osakwanitsa, ndipo mwina tsiku lothokoza lidzagwa sabata yomweyo. Mtima udzakuuza kuti ulibe choyamikira, kuti kuimba n'kunyoza olira. Usaumvere. Kuthokoza si kunena kuti sizikupweteka. Ukalire, ukasambe kumaso, upite. Ndipo olira usawathawe monga ndinachitira ine. Ukakhale nawo pafupi. Nthawi zambiri ndi iwowo amene adzakugwire dzanja n'kukulowetsa m'tchalitchi.

Masika enawa ukuwakumbuka wekha, chifukwa unali kale pasukulu, titasamukira kuno ku Matero. Inali nthawi ija zinthu zitayamba kusowa, tikumadzuka kusanache kukaima pamzere wa ufa ndi saladi wophikira, anyamata achipani akutikankha ndi kufunsa makhadi. Amayi a mpingo anandisankha kuti ndiyang'anire chakudya cha tsikulo. Ine ndinati anthu aone kuti mwana wa ku Katete amaphika. Ndinasonkhanitsa zinthu ndekha. Amake Jesi anati adzandithandiza, ndinawakana, mumtima ndikuti amachulutsa mchere. Ena anati abweretse mbaula zawo, ndinati zanga zikwana. Tsikulo anthu ali m'tchalitchi, ine ndinali kuseri ndikupemerera makala, kuthamanga uku ndi uku, nyemba zikupserera, nkhuku isanapse. Nyimbo ndinkazimvera pakhoma. Iwe unabwera ndi kapu ya madzi n'kunena, "Amai, Masika yasila. Simunangeneko." Ndinakukalipira, pepa. Amayi aja anadya pang'onopang'ono atakhala patali, chifukwa chakudya chimene wakanizidwa kuphika nawo sichikoma. Ndinafika kunyumba maso ali psuu ndi utsi, ndinayambana ndi atate ako popanda chifukwa, ndipo tsiku lonselo sindinanene zikomo kwa Mulungu ngakhale kamodzi.

Apa ndiye undimvetsetse, chifukwa khalidwe limeneli unatengera ine. Umafuna kuchita zonse wekha kuti zikhale bwino. Kumeneko ukafika ndi yunifolomu yoyera, anthu azikakupatsa mpando wakutsogolo, azikakutcha mtumiki wa Mulungu. N'kosavuta kuyamba kuganiza kuti iwe ndiwe wobweretsa, iwo ndi olandira. Ayi, mwana wanga. Mulungu anafikako kale iwe usanabadwe, ndipo anthuwo akhala akumuthokoza m'njira yawo. Ukafunse kuti mvula ikagwa patapita chilala amatani, mbuzi zikaswa amatani, wodwala akadzuka amatani. Mwina ali nalo tsiku lawo, la dzina lina ndi mwezi wina. Ukalipeza, ulowemo ndi mtima wonse, akuphunzitse nyimbo zake, akuseke ukamaphonya mawu. Mawu akuti "kwathu timachita chonchi" uwasunge mpaka atakufunsa okha. Ndipo akafuna kukusenzera madzi kapena kukuphikira, usakane. Munthu amene salola kupatsidwa amachititsa anzake manyazi. Ndabwereza, Esnati, usakaphike wekha.

Ukudziwa kuti pamene unabwera kudzatiuza za ulendowu ine ndinakana. Ndinati odwala ali mbwee mu Lusaka momwe muno, bwanji osathandiza amenewa? Ndinati ndiwe mwana wamkazi mmodzi yekha, ndikadwala adzanditembenuza ndani? Ndinakhala masiku osakuyankhula bwino, nawenso unkangolowa ndi kutuluka mwakachetechete. Chimene sukudziwa n'chakuti ndinapita ku komboni ya George, kumene Bana Mulenga akukhala tsopano ndi mwana wawo, kuti akandithandize kukuletsa. Ndinkadziwa kuti mawu awo sungawakane. Ndinawapeza ali padzuwa, maso aja atachita chifunga, chifuwa chikulira ndi fumbi la miyala la zaka zonse zija. Ndinafotokoza zonse, ndinawonjezera ndi zina. Anamvetsera mpaka ndinatopa. Kenaka anafunsa, "Mwasiliza?" Ndinati eya. Anati, "Bamake Esnati, imwe munaikiziwa chabe. Munaibala? Mwine wake wabwela." Ndinati zija zinali zonena za abusa pofuna kusangalatsa anthu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga pamene banapempela, simunayanke ameni? Ine ninamvela. Yanu ndiye inali ikulu." Ndinanyamuka nditakwiya, tiyi osamaliza. Ndinayenda wapansi mpaka kuno ndikukangana nawo mumtima, ndipo mfundo iliyonse imene ndinkapeza inkagwa ndisanafike pa mphambano yotsatira. Ndisanalowe m'nyumba ndinakhotera kumsika kukagula ulusi. Juzi yofiira imene ndakulukirayo ndinaiyamba tsiku limenelo, poti ndamva kuti kumchengako usiku kumazizira kuposa kuno.

Sindikunena kuti mtima wanga wakhala pansi, ndinganame. Koma ndakusunga zaka zonsezi, ndakuona ukukula, ukumaliza sukulu, ukugwira ana a anthu ndi manja ofewa. Palibe anandilanda tsiku ndi limodzi lomwe. Ndiye pita ndi mtendere wanga wonse, osati theka. Usanyamule chisoni chakuti wasiya amayi ako. Mlongo wako alipo, mpingo ulipo, ndipo ine ndikadali ndi mphamvu zokangana ndi ogulitsa kapenta.

Tsono tsikulo likafika, uchite chonchi. Udzuke m'mawa, usambe, uvale chitenje chabwino ngakhale kulibe wodziwa kuti ndi tsiku lanji. Usanatuluke utchule pamaso pa Mulungu zinthu zimene wakuchitira chifikireni, uzitchule ndi mayina, osangoti zonse. Amene anakulandira pabasi, amene anakuonetsa potunga madzi, mwana woyamba amene analira m'manja mwako kumeneko. Ndakuikira mtedza m'chitini cha mkaka, wochokera kumunda kwa amalume ako. Usaudye wekha usiku. Ukaukazinge tsikulo, uitane oyandikana nawe, mukhale pansi. Akakufunsa kuti kwagwanji, uwauze kuti kwanu lero anthu akuthokoza, ndipo iwe ukuthokoza chifukwa cha iwo. Pang'ono usiye wosakazinga, uyese kudzala kuseri kwa nyumba mvula ikadzabwera. Ukapanda kumera usadandaule. Ngati nyimbo yathu yakufika pakhosi, uimbe, ngakhale mawu anjenjemere. Ifenso kuno nthawi yomweyo tidzakhala tikuimba, ndipo malo ako pa benchi la kwaya ndauza kale atsikana anzako kuti asawasiye opanda munthu, chifukwa sindikufuna kumayang'ana pabowo.

Uzilemba makalata, ndipo ina uzilembera atate ako paokha, dzina lawo pa envulopu. Iwo sanena kanthu, ukuwadziwa. Koma sabata yonseyi akhala akukonza chogwirira cha sutikesi yako, chimene sichinathyoke n'komwe. Amachimasula, amachimanganso, amainyamula n'kuyenda nayo pabwalo kuti aone ngati chalimba. Pano ndikulemba ndikumva akukhomanso kuseriku. Dzulo ndinawapeza atatsegula buku la mapu la mlongo wako, chala chili pa Botswana, akuyeza ndi kachitsotso kutalika kwake kuchokera ku Lusaka. Atandiona anatseka msanga n'kunena kuti amafuna kuona kumene kuli Kitwe. Usawaiwale. Uziwauza zinthu zimene amakonda kumva, mmene nyumba za kumeneko amamangira, ng'ombe zake n'zotani, madzi amawapeza bwanji.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi ana a kwa aneba, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe.

Chotsiriza ndi ichi. Mawa kusiteshoni ndidzayesetsa kuima bwino ngati mkazi wa mkulu wampingo, koma ndikudzidziwa. Basi ikadzangoliza injini ndidzalira, mwina mokweza, mwina mpaka anthu kutembenuka. Pofika pomwe ukuwerenga pano udzakhala utaziona kale, ndipo mwina zakuvutitsa njira yonse. Ndiye ndikuuziretu tanthauzo lake. Sikunali kukuitana kuti utsike. Ukanatsika ndikanakukwezanso ndekha.

Ambuye akutsogolere polowa ndi potuluka, akupatse anthu kumene ukupitako.

Ndine mayi wako,
Tisauke